Buku la Masitampa Likatsala M'manja mwa Ana

Mwambo wa maliro ukatha m'midzi ya m'chidikha cha Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Chamama ndi ku Nkhamenya, limafika tsiku loti abale akhale pansi ndi kuona katundu amene malemu adasiya. Akuluakulu savutika ndi ng'ombe, ngolo, njinga kapena malata a pa balani, pakuti mtengo wa zinthu zimenezi ngodziŵika kwa aliyense. Koma nthaŵi zina pansi pa sutikesi pamatuluka chinthu chimene chimaŵasoŵetsa chonena: buku lachikuto cholimba lodzaza ndi masitampa, pamodzi ndi mtolo wa maenvulopu akale omangidwa ndi chingwe.

Mabuku otere adasiyidwa ndi aphunzitsi, abusa, ogwira ntchito pa positi ofesi, ndiponso akalaliki a m'maesiteti a fodya amene adachuluka m'boma lino m'zaka za m'ma 1970. Ameneŵa ndiwo anthu amene makalata ankadutsa m'manja mwawo tsiku ndi tsiku. Tsono bukulo likaikidwa pamphasa, kaŵirikaŵiri pamamveka maganizo atatu. Wina amati ndi mapepala achabe, apatsidwe kwa ana kuti aziseŵeretsa. Wina, amene adamvapo kuti masitampa akale ndi chuma, amati ligulitsidwe msanga, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wachitatu, pofuna mtendere, amati masamba ang'ambidwe kuti aliyense atengeko gawo lake. Maganizo onse atatuŵa ali ndi vuto limodzi: akuŵeruza chinthu chimene palibe mmodzi yemwe wachiŵerenga.

Buku la masitampa limaŵerengedwa monga buku lina lililonse, ndipo la munthu wa m'dziko lino limasimba mbiri ya dziko lomweli. Masitampa oyamba kugwiritsidwa ntchito ndi boma la atsamunda kuno adatuluka m'chaka cha 1891. Adali masitampa a kampani ya British South Africa, ongodindidwa pamwamba malemba atatu akuti B.C.A., kutanthauza British Central Africa. Masiku amenewo makalata ankayenda pamutu pa amtengatenga, amuna oyenda pansi mitunda italiitali usana ndi usiku. Dzina lakuti Nyasaland lidayamba mu 1907, ndipo masitampa a dzinali adatuluka mu 1908. A m'zaka zotsatira adaonetsa nyalugwe ndi dzuŵa lotuluka, kenaka nyanja, minda ya tiyi, msilikali ndi fodya. Kuyambira 1954 mpaka 1963 padali masitampa a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo pa 6 July 1964 padafika oyamba olembedwa kuti Malaŵi, ena mwa iwo okhala ndi nkhope ya Dr H. Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko. Mtengo wolembedwa pa sitampa nawonso ndi mboni ya zaka zake: ya mapeni ndi masheleni ndi ya kale kuposa 1971, pamene ya matambala ndi makwacha ndi ya kuyambira chaka chimenecho.

Pakati pa masitampa a kuno pamapezekanso a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi South Africa. Ameneŵa sadafike mwangozi. Adabwera pa makalata a amuna amene adapita ku Halale pa Mthandizi, ku migodi ya ku Joni pa Wenela ndi pa Theba, kapenanso ku migodi ya mkuwa ku Kitwe ndi ku Ndola. Mabanja ena ali ndi wachibale amene adachona, ndipo chizindikiro chokha chimene chidatsala cha kumene adathera ndi chidindo cha positi ofesi pa envulopu yake yomaliza.

Nanga za ndalama? Mbiri yakuti sitampa imodzi ikhoza kulemeretsa munthu ili ndi gwero lake. M'chaka cha 1873, mnyamata wa zaka 12 wa ku British Guiana, dziko limene tsopano ndi Guyana, adapeza sitampa ya mu 1856 pakati pa makalata a mbale wake, naigulitsa pa masheleni 6. Sitampa yomweyo idagulidwa ku New York mu 2014 pa madola oposa 9 miliyoni, ndipo mu 2021 idagulidwanso pa madola oposa 8 miliyoni. Chifukwa chake nchakuti pa dziko lonse lapansi yodziŵika ndi imodzi yokhayo. Masitampa ambiri sali choncho. Adasindikizidwa miyandamiyanda, anthu ochuluka adaŵasunga, kotero kuti ogulitsa a ku Ulaya amagulitsa ena mwa iwo poyeza pa sikelo. Ukalamba pawokha si mtengo. Ngakhale sitampa yoyamba ya dziko lapansi, yotchedwa Penny Black, imene idatuluka ku Britain mu 1840, siili yosoŵa kwenikweni, chifukwa idasindikizidwa yoposa 68 miliyoni. Motero banja liyenera kuyamba ndi mtima wodziŵa kuti mabuku ambiri otere sangagule ngakhale ng'ombe imodzi, komabe osaiŵala kuti mwa masitampa chikwi mukhoza kubisala imodzi yofunika.

Mlimi wa fodya sangavutike kumvetsa mmene mtengo wa sitampa umapezekera, pakuti nzeru yake ndi yomwe ija ya pa tebulo losankhira fodya. Masamba aŵiri a pa tsinde limodzi amasiyana giredi kaamba ka mtundu, kutalika ndi kung'ambika. Chimodzimodzinso masitampa aŵiri ofanana amasiyana mtengo ngati imodzi yathothoka mano a m'mbali, yapepuka kumbuyo, yachita dzimbiri la chinyontho kapena yafwifwa ndi dzuŵa. Sitampa ya mtengo waukulu imene idamatidwa pa chikalata cha msonkho nkulembedwa ndi cholembera siifika mtengo wa inzake imene idanyamula kalata. Ndipo envulopu yathunthu, yokhala ndi chidindo chooneka bwino cha positi ofesi yaing'ono yakumudzi, nthaŵi zambiri imafunidwa kuposa sitampa yomweyo itachotsedwapo. Apa ndipo pamene mabanja ambiri amataya chuma osadziŵa: amaviika maenvulopu m'madzi kuti amatule masitampa, nkutaya pepala limene lidali ndi tsiku, malo ndi dzina.

Choyamba kuchita tsono ndi kusunga zonse pamodzi monga momwe mwini wake adazisiyira. Zovala zimagaŵika, ziŵeto zimagaŵika, koma buku la masitampa likang'ambidwa limafa, chifukwa masitampa a gulu limodzi amakhala ndi mtengo akakhala athunthu, ndipo timawu timene malemu adalemba m'mbali timataya tanthauzo. Banja lisankhe munthu mmodzi wokhulupirika wolisunga, pamaso pa mboni za mbali zonse ziŵiri, kuchimuna ndi kuchikazi. Masamba aŵerengedwe, chiŵerengero chake chilembedwe, ndipo tsamba lililonse lijambulidwe ndi foni, zithunzizo zitumizidwe kwa ana onse. Kutero kumatseka pakamwa pa kukayikirana, kumene kwapasula maubale ambiri pa zinthu zazing'ono kuposa izi. Ndi bwinonso kukumbukira kuti bukulo ndi gawo la chuma chamasiye. Ngati malemu adalemba wilo, mawu akewo ndiwo atsatidwe. Ngati sadalembe, lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Mwinimbumba ndi malume ali ndi malo awo olemekezeka pa kulangiza, koma sayenera kuika bukulo m'chikwama chawo mwakachetechete.

Chachiŵiri ndi kuliteteza. Adani a sitampa ndi chinyontho, chiswe, mphemvu, dzuŵa ndi manja a thukuta. Fodya amafuna kufeŵa kuti amangike bwino, koma sitampa imafuna kuuma. Chifukwa chake bukulo lisasungidwe m'chigafa, kapena m'chipinda chosankhira fodya, kapena pansi pafupi ndi khoma m'nyengo ya dzinja. Liimikidwe chilili pa malo okwera, pakuti likagonekedwa pansi pa katundu wolemera masitampa amamatirira ku pepala. Guluu ndi selotepi zisayandikire, ndipo wina asayese kutsuka kapena kusita sitampa yooneka yakuda.

Chachitatu ndi kufunsa. Kampani ya Stanley Gibbons ya ku London idakhala ikusindikiza mabuku oonetsa masitampa a maiko ndi mitengo yake, ndipo masiku ano zithunzi ndi mitengo ya masitampa a Nyasaland ndi Malaŵi zimapezekanso pa intaneti. Koma mtengo wolembedwa m'mabuku otere ndi wa sitampa yopanda chilema ikamagulitsidwa m'sitolo. Munthu wogula kwa banja amapereka kagawo chabe ka mtengowo. Alimi amadziŵa chimene chimachitika vendala akafika pakhomo mu February, njala ili pachimake, nafuna fodya amene akadadikira kukafika ku msika wa Chinkhoma kapena ku Kanengo. Wogula masitampa amene afika ndi changu, natola atatu okha nkusiya ena onse, afanana naye. Amenenso alonjeza mamiliyoni pa foni, koma nafuna kuti banja liyambe lamtumizira ndalama za msonkho kapena za mtengatenga, ndi wakuba. Kuona maso a nkhono nkudekha: afunsidwe anthu aŵiri kapena atatu osadziŵana, ndipo bukulo lisachoke pakhomo popanda chikalata.

Zitatha izi, njira zimene zatsala ndi zitatu, ndipo palibe yochititsa manyazi. Banja likhoza kusunga bukulo, makamaka ngati pali mwana kapena mdzukulu amene maso ake amaŵala akaliona. Popeza makalata a pa positi adachepa chibwerere mafoni a m'manja, ana ambiri a lero sadamatepo sitampa, ndipo buku la agogo likhoza kuŵaphunzitsa mbiri ndi maina a maiko kuposa bolodi la m'kalasi. Banja likhozanso kugulitsa, ngati fizi ya mwana wamasiye kapena feteleza wa mayi wotsala zikufunika. Palibe chipongwe kwa malemu pamene chuma chake chithandiza ana ake, malinga onse oyenera avomereza, ndalama zalembedwa poyera, ndiponso makalata a m'banja apatulidwa kuti asapite nawo. Njira yachitatu ndi kupereka kumene anthu ambiri angapindule. Sukulu imene malemu adaphunzitsapo ikhoza kulandira masitampa wamba ndi manja aŵiri. Makalata ndi maenvulopu osimba mbiri akhoza kuonetsedwa kwa osunga zolembedwa zakale za dziko lino ku Zomba, kwa a Society of Malawi ku Mandala mumzinda wa Blantyre, kapena kwa oyang'anira nyumba zosungiramo zinthu zakale, amene amasamalanso kanyumba ka amtengatenga ku Namaka, pa mseu wa Blantyre kupita ku Zomba. Ndi nzeru kuyamba kuŵafunsa ngati angazilandire, katunduyo asananyamulidwe.

Nthaŵi zambiri yankho labwino limaphatikiza njira zimenezi: maenvulopu a maina a abale atsale pakhomo, masitampa obwerezabwereza apite kusukulu, ndipo ochepa amene apezeka ndi mtengo agulitsidwe mosathamanga. Chofunika nchakuti chigamulo chibwere pambuyo pa kudziŵa.

Mawu otsiriza apite kwa achikulire amene akali moyo ndipo buku lotere lili m'sutikesi mwawo. Ntchito yonse imene yafotokozedwa pano ikhoza kupepuka ndi pepala limodzi lokha. Mwini buku alembe kumene masitampa ake adachokera, amene ali ofunika, ndi dzina la munthu amene afuna kuti adzalisunge, kenaka aike pepalalo m'kati mwa chikuto. Koposa apo, aitane adzukulu madzulo ena fodya atatha kumangidwa, atsegule bukulo, ndi kuŵauza yekha amene adatumiza kalata iliyonse. Mtengo wa sitampa angaupeze m'mabuku a ku London, koma dzina la amene adaimata ku Joni mu 1958 likudziŵika ndi munthu mmodzi yekha.