Univesiti ya pa Foni: Tiyambe Tawerenga Mtengo Wake

Mawu olankhulidwa kwa ophunzira a sukulu ya akulu m'boma la Marávia



Lero tikambirana nkhani imodzi yokha. Ndi nkhani imene ambiri mwa inu mwakhala mukufunsa. Wina akuti, "Mwana wanga wamaliza kalasi 12. Ndalama zomutumizira ku Tete kapena ku Beira ndilibe. Ndamva kuti masiku ano munthu amaphunzira univesiti pa foni ali kwawo. Kodi ndi zoona?" Inde, ndi zoona. Koma musanagulitse ng'ombe, tiyeni timvetsane bwino.

Tiyambe takumbuka kumene tachokera. Pamene dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa anthu 100 alionse sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Univesiti inali imodzi yokha, ku Maputo. Mu 1978 boma linayamba ntchito yaikulu yophunzitsa akulu m'dziko lonse. Koma nkhondo inakula. Masukulu anatenthedwa, aphunzitsi anathawa. Ambiri a kuno anawolokera ku Zambia, ena mpaka ku Ukwimi. Mtendere unabwera mu 1992, koma zaka za sukulu zimene zinatayika sizinabwerere. Ndi chifukwa chake ena mwa inu mukugwira pensulo muli ndi imvi. Pamenepo palibe manyazi.

Kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi si chinthu chachilendo. Kale kunali sukulu ya makalata. Mphunzitsi ankatumiza phunziro pa positi. Wophunzira ankayankha, nabweza kalatayo. Univesiti ya UNISA ku South Africa inayamba kuphunzitsa chotero mu 1946. Nelson Mandela analandira digiri ya zamalamulo ku univesiti imeneyo mu 1989, ali m'ndende. Lero foni yatenga malo a kalata. Njira yasintha, koma ntchito ndi yomweyo: kuwerenga, kulemba, kuyesedwa.

Nanga zimayenda bwanji? Wophunzira amalembetsa dzina. Sukulu imamupatsa nambala ndi mawu achinsinsi olowera pa intaneti. Akalowa amapeza mabuku ake, amene amatchedwa mamodulo. Amawerenga pa nthawi imene iye wasankha, kaya m'mamawa, kaya usiku. Amalemba ntchito, natumiza tsiku loikika lisanapite. Akasokonezeka amafunsa mphunzitsi womuthandiza, amene amatchedwa tutor. Pa mapeto a chigawo amalemba mayeso. Akakhoza zonse, kawirikawiri patatha zaka 4, amalandira digiri imene timati licenciatura.

Masukulu otere alipo m'dziko lathu lomwe lino. Universidade Católica de Moçambique, imene likulu lake lili ku Beira, inayamba kuphunzitsa anthu akutali mu 2003, makamaka aphunzitsi a kumidzi. Universidade Eduardo Mondlane inayamba digiri yake yoyamba ya pa intaneti mu 2008, ya kayendetsedwe ka malonda. Ku Beira komweko kuli UnISCED. Inayamba mu 2014 ndi dzina loti ISCED, nikhala univesiti mu 2021, ndipo ntchito yake ndi kuphunzitsa anthu akutali basi. Palinso Universidade Púnguè, ya boma, imene inabadwa mu 2019 kuti itumikire zigawo za Manica ndi Tete. Sindikukusankhirani. Ndikutchula maina kuti mukawaona pa pepala muwazindikire.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mwana wopita ku mzinda amafuna nyumba ya lendi. Amagula ufa, makala, ndiwo, ngakhale madzi. Mwana wophunzira ali kuno amadya za m'nkhokwe ya kwawo, amagona m'nyumba ya kwawo, ndipo manja ake sachoka kumunda. Mphunzitsi wa ku Malowera kapena ku Chipera sasiya ana ake a sukulu, sasiyanso malipiro ake. Mayi woyamwitsa sasiya khanda. Ichi ndi chinthu chachikulu, ndipo makolo athu sanachione.

Koma khomo la univesiti ndi limodzi. Pafunika setifiketi ya kalasi 12, kapena ina yofanana nayo. Palibe foni imene ingadumphitse munthu khomo limeneli. Amene anaphunzira ku Zambia ayenera kuyamba wapita ndi mapepala ake ku akuluakulu a maphunziro, kuti awafananize ndi makalasi a kuno.

Wina ati, "Ndiye ife a ABC nkhaniyi ikutikhudza pati?" Ikukukhudzani pawiri. Poyamba, makwerero alipo. Womaliza sukulu ya akulu akhoza kupitiriza mpaka kumaliza pulayimale. Kuchokera apo pali sekondale ya anthu akutali, imene imatchedwa PESD. Inayambira ku Nampula mu 2004, kenaka inafalikira m'zigawo zina. Kumeneko amaphunzira ndi mamodulo, ndipo amakumana ndi tutor pa masiku oikika. Za malo amene mungalembetse, kafunseni ku ofesi ya maphunziro ya boma ku Fingoé. Ulendo wake ndi wautali, sindikunamizani. Kwa inu anyamata ndi atsikana amene muli ndi zaka 20 kapena 30, nthawi ikalipo. Kachiwiri, ndalama ya sukulu ya mwana idzachokera m'thumba lanu. Wotulutsa ndalama ayenera kudziwa kuwerenga chimene akugula.

Tsono tiwerenge mtengo. Apa ndipo ndikufuna tichedwepo.

Anthu a sukulu akamalengeza, amatchula ndalama imodzi, ya mwezi ndi mwezi, imene timati propina. Munthu akaimva amati, "Imeneyi ndikwanitsa." Koma propina ili ngati mbewu ya fodya. Mbewu ndi yotsika mtengo. Nanga feteleza? Nanga mitengo ya chigafa? Nanga aganyu? Mlimi wanzeru amawerenga zonse asanafese nazale.

Pali ndalama yolembetsera, ndipo masukulu ambiri amaifuna chaka chilichonse. Pali foni. Foni ya mabatani sithandiza, pafunika ija yokhudza ndi chala. Ndipo kulemba ntchito ya masamba 10 pa foni ndi chintchito, kotero tsiku lina padzafunika kompyuta, yogula kapena yobwereka. Pali mamega, amene amatha ngati mchere m'madzi. Pali moto wotchajira. Amene alibe magetsi afuna sola, apo ayi azilipira kwa wotchaja. Pali ulendo. Masukulu ena amafuna kuti wophunzira akaonekere yekha pa mayeso. Kuchoka ku Fingoé, kudzera ku Bene mpaka ku Tete, msewu wake mukuudziwa, ndipo mukudziwa mmene umakhalira mvula ikagwa. Onjezani chapa, chakudya cha pa njira ndi malo ogona. Pa mapeto penipeni pali ntchito yaikulu yolemba, ndiponso ndalama yotengera setifiketi.

Tiyeni tichite samu. Chaka chili ndi miyezi 12. Zaka 4 zili ndi miyezi ingati? Lembani m'makope mwanu: 12 kuchulukitsa ndi 4. Yankho ndi 48. Miyezi 48. Tsono ndikufunseni: pa miyezi 48 imeneyi, ndalama ya fodya imalowa m'nyumba kangati? Kanayi kokha. Ya thonje ndi ya mtedza chimodzimodzi. Sukulu imafuna yake mwezi ndi mwezi, munda umapereka kamodzi pa chaka. Apa ndipo mabanja ambiri amagwera. Mu Juni zonse zili bwino, propina yalipidwa. Mu Januwale nkhokwe yapepuka, mwana wadwala malungo, propina yadumphidwa. Sukulu yaikapo chindapusa chochedwera. Mwezi wina ngongole yakula, ndipo wophunzira watsekeredwa kunja, sangalembe mayeso. Ndalama ya zaka ziwiri yapita, ndipo digiri ya theka kulibe.

Choncho funsani funso ili musanalembetse: "Kodi tingalipire miyezi yambiri nthawi imodzi, pamene tagulitsa mbewu?" Akavomera, lipirani ndalama isanazolowere m'nyumba. Ndalama ya fodya ili ndi abale ambiri. Funsaninso kuti, "Chaka chikativuta, kodi wophunzira angaime, nadzapitiriza pamene analekera?" Funso limeneli ndi lofunika kuposa kutsika kwa propina. Chaka cha chilala chimabwera osagogoda. Sukulu yotsika mtengo imene imakufufuta ukapumira ndi yodula kuposa inzake imene imakudikira.

Ndipo banja likhale pansi. Atsibweni akhalepo, azakhali akhalepo, achimwene amene amapha nsomba ku Cahora Bassa amve nawo. Aliyense anene chimene adzasenza: uyu mamega, uyu ulendo wa mayeso, uyu propina ya miyezi ya njala. Zilembedwe m'kope. Tsopano mukudziwa kulemba, lembani.

Tsono za akuba. Paliponse pamene pali njala ya maphunziro, afisi amazungulira. Uthenga umabwera pa WhatsApp kapena pa Facebook: digiri m'miyezi 6, popanda mayeso, tumizani ndalama lero chifukwa malo atsala ochepa. Chizindikiro choyamba cha wakuba ndi changu. Sukulu yeniyeni sikuthamangitsa munthu ngati wogulitsa nyama yoola. Chizindikiro chachiwiri ndi nambala. M-Pesa ndi e-Mola ndi njira zabwino, koma musanatsimikize kutumiza, werengani dzina limene latuluka pa foni. Likakhala dzina la munthu, osati la sukulu, imani. Mwaona phindu la kuwerenga? Dzina limodzi lokha lingapulumutse belo lathunthu la fodya.

Palinso masukulu amene ali ndi nyumba ndi zikwangwani, koma phunziro limene akugulitsa silinavomerezedwe. Mu 2006 boma linakhazikitsa bungwe la INED kuti liziyang'anira maphunziro a anthu akutali. Mu 2007 linakhazikitsa CNAQ kuti liziyesa ubwino wa maphunziro a m'mayunivesiti. Choncho pemphani kuona chikalata cha boma chololeza sukuluyo, ndiponso chololeza phunziro lenilenilo limene mwana akufuna. Ndi zikalata ziwiri zosiyana. Mukakayika, pitani nazo ku ofesi ya maphunziro. Akulu anati safunsa anadya phula. Za masukulu a kunja kwa dziko samalani koposa, chifukwa pepala lawo liyenera kuzindikiridwanso kuno lisanagwire ntchito.

Posankha phunziro musatengeke ndi dzina lokoma. Pali zinthu zimene foni siingaphunzitse yokha. Kubaya jakisoni ndi kuchiritsa mayi wobereka kumafuna manja, chipatala ndi mphunzitsi pambali. Koma uphunzitsi, kuwerengera ndalama, kuyendetsa ofesi, izi zimatheka. Ndinenenso mosabisa: digiri si kalata ya ntchito. Alipo amene ali nayo koma akadali pakhomo. Imathandiza msanga munthu amene ali kale pa ntchito, monga mphunzitsi wofuna kukwera kufika pa N1, ngakhale kukwezedwako sikubwera tsiku lomwelo. Kwa mwana amene sanayambe ntchito, funsani kuti, "Ukamaliza, udzagwira chiyani, ndipo kuti?" Akasowa yankho, musafulumire.

Chilankhulo nacho. Kunyumba timalankhula Chinsenga kapena Chinyanja, ndipo ndi zilankhulo zathu zokoma. Koma pafupifupi mamodulo onse a masukulu ndatchula a m'dziko muno ali m'Chipwitikizi, ndipo m'kalasi ya pa foni mulibe mnzako wa pambali womunong'oneza. Wofuna njira imeneyi azolowere kuwerenga Chipwitikizi tsiku lililonse, ngakhale tsamba limodzi.

Amati sukulu imeneyi ndi yomasuka, umaphunzira nthawi imene wafuna. Ndi zoona pang'ono. Nthawi umasankha wekha, koma tsiku lotumizira ntchito amasankha ndi iwo, ndipo iwo sadziwa kuti kuno tikupalira kapena tikuthyola fodya. Belu silira. Mphunzitsi saitana maina. Munthu amene sadziwa kudzidzutsa yekha amagwa chaka choyamba. Ndiye inu makolo, mukaona mwana wakhala pansi pa mtengo ndi foni, musayambe mwakalipa. Mufunseni akuonetseni phunziro la tsikulo. Likakhala phunziro, musamutume kuchigayo. Ukakhala mpira, mukudziwa chochita.

Abambo, apa ndikulankhula ndi inu. Mayi kapena mtsikana akalembetsa, madzi, nkhuni, mphika ndi ana sizichoka pa mutu pake pokhapokha wina azitenge. Akatsegula modulo 10 koloko usiku, maso ake amakhala atafa kale. Mwalipira propina, chabwino. Mpatseninso maola awiri a masana. Ndipo akamapita pa chulu kukafuna netiweki, musayambe nsanje. Akupita ku sukulu.

Za netiweki pali nzeru yake. Musawerenge mamega akuyenda. Pitani pamene pamagwira bwino, tsitsani mabuku onse a sabata imeneyo, zimitsani mamega, kawerengereni kunyumba. Ntchito itumizidwe kudakali masiku awiri, chifukwa netiweki imakonda kuthawa tsiku lomaliza. Mukakhala awiri kapena atatu a m'dera limodzi, ndi bwino kwambiri. Kompyuta imodzi ikwanira nonse, wina akagwa ulesi anzake amukoka, ndipo ulendo wa ku Tete muyendera limodzi.

Amene muli ndi mwana kapena mbale wofuna kulembetsa, musalipire kalikonse sabata ino. Muuzeni apemphe ku sukuluyo pepala la mitengo yonse, kuyambira yolembetsera mpaka ya setifiketi, pamodzi ndi masiku ndi malo a mayeso. Akalitumiza pa foni, likopereni m'kope. Mubwere nalo m'kalasi muno tsiku limene tidzakumanenso. Aphunzitsi anu adzalilemba pa bolodi, ndipo samu ya tsiku limenelo idzakhala imeneyo.