Nyumba Zatsopano ku Zanzibar

Pa cisumbu ca Zanzibar, m'mbali mwa nyanja ya mcere, pali mzinda wakale wochedwa Stone Town. Nyumba zace nza miyala ya m'nyanja ndi njereza, zitseko zace nzosema mwaluso, ndipo njira zambiri nzopapatiza kotero kuti galimoto silingapitemo. M'caka ca 2000 bungwe la UNESCO linauwerengera pamodzi ndi malo oyenera kusungidwa.

Mu 2015 hotela yaikuru ya Park Hyatt inatsegulidwa pa gombe, yolumikizidwa ndi nyumba yakale ya Mambo Msiige. Pamenepo eni mudzi anagawanika. Ena anakondwa, popeza hotela imadzetsa nchito ndi ndalama. Ena anadandaula kuti yatalika koposa, yaphimba zinzace, ndi kuti alendo samaolokera nyanja kudzaona nyumba zonga za kwao. UNESCO nayo inadandaula.

Komatu zakale sizidzisunga zokha. Mu December 2020 mbali yina ya Beit al-Ajaib, nyumba imene Sultan Barghash anamangitsa mu 1883, inagwa.

Cotero mzinda wotere uli ndi adani awiri: womanga wosayang'ana za anzace, ndi mwini nyumba wosakonza yace.