Galimoto Ikafooka pa Chitunda: Kodi Wolakwa Ndi Turbo?

Misika ya fodya ikatsegulidwa ku Kanengo, magalimoto a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma sapuma. Ndi nyengo yomweyi pamene eni magalimoto adizilo amadandaula kuti galimoto imene inkakwera chitunda ndi mabelo odzadza, tsopano ikupempha giya yotsika, ndipo kumbuyo kukutuluka utsi wakuda bii. Mau amene amathamangira kukamwa ndi akuti, turbo wafa. Kaŵirikaŵiri turboyo amakhala ali bwinobwino.

Chipangizochi anachitulukira ndi Alfred Büchi wa ku Switzerland m'chaka cha 1905. Utsi wotuluka m'injini umazungulitsa kagudumu ka mapiko, ndipo kagudumuko, kudzera pa shafiti, kamazungulitsa kanzake kamene kamakankhira mpweya wambiri m'injini. Timagudumuti titha kuzungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi. Dera la Lilongwe lili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mpweya ndi wopepuka, nchifukwa chake injini imadalira kwambiri thandizo la turbo. Mpweyawo ukachepa, dizilo sapsa yense, ndipo wotsalayo ndiye utsi wakuda uja.

Tsono makaniko wanzeru sayambira pa turbo. Amayambira pa sefa ya mpweya. Fumbi la m'misewu ya kumidzi, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, limatseka sefayo msanga kuposa mmene buku la galimoto limanenera. Ena amaiguba pa tayala nkuibwezeramo, ena amaichotseratu. Kuichotsa ndiko kupha turbo weniweni, pakuti mchenga umadya mapiko aja pang'onopang'ono.

Sefa ikapezeka yabwino, maso apite pa mapaipi a labala ochokera ku turbo kupita ku intercooler, chozizitsira mpweya chija chimene chimakhala kutsogolo kapena pamwamba pa injini. Apa ndi pamene pamabisala zifukwa zambiri. Mabampu amamasula zomangira, ndipo labala akakalamba amang'ambika kunsi kumene diso silifika. Mng'alu wotere suoneka injini ikamalira pang'ono. Umayasama pokhapokha galimoto ikamakoka katundu. Zizindikiro zake ndi ziŵiri: kulira ngati mluzu kapena mpweya wa tayala lobooka pamene woyendetsa waponda moto, ndiponso dontho la oyilo losakanizika ndi fumbi pamalo pamene mpweya ukuthaŵira. Wodziŵa ntchito amatseka mapaipiwo, kupoperamo mpweya pang'ono, nkuwaza madzi a sopo. Thovu limaulula poboŵoka. Intercooler nayenso amaboola ndi miyala ya mumsewu.

Pambuyo pake pali wastegate, kachitseko kamene kamapatutsa utsi mphamvu ikakwanira. Kakakanirira kali kotsekula, utsi umadutsa pambali ndipo turbo amazungulira mwaulesi. Magalimoto ena atsopano ali ndi timapiko tosuntha mmalo mwa kachitsekoko, ndipo mwaye umatimata. Mwaye womwewo umaphimbanso sensa yoyeza mpweya, kompyuta ya galimoto nkuyamba kuchepetsa dizilo mwadala. Vuto lotere limafuna makina oŵerengera zolakwika, osati nyundo ndi sipanala. Bauti yothyoka pamene paipi ya utsi imalumikizana ndi injini imabweretsanso kufooka komweku.

Zonsezi zikapezeka zili bwino, mpamene turbo angaimbidwe mlandu. Injini itazimitsidwa ndi kuzizira, makaniko amachotsa paipi yoloŵera mpweya nagwira shafiti ndi zala. Kugwedera pang'ono cham'mbali nkwachibadwa, koma mapiko akamakhula khoma, kapena shafiti ikamaloŵa ndi kutuluka, turboyo watha. Utsi wobiriŵira ndi oyilo wochepa m'injini zimachitira umboni.

Ngakhale pamenepa, funso lisathe. Turbo safa yekha. Amaphedwa ndi oyilo wakale, oyilo wosayenera, kapena chizoloŵezi chozimitsa injini nthaŵi yomweyo galimoto itangofika pa Namitete kapena pa Mpingu ili yotentha ndi ulendo. Oyilo amapserera pa shafiti. Mphindi imodzi kapena ziŵiri injini ikulira pang'onopang'ono zimakwanira. Woika turbo watsopano asanatsuke kapaipi kobweretsa oyilo, adzabwerera ku garaja nyengo ya fodya isanathe, ndalama za mabelo zitapita kale.