Kumangirira Shelefu ya Mabuku ku Cipupa ca Konkire

 Lero tikamba za cinthu cimene ciri m'zipinda zambiri zophunziriramo, koma cimene anthu saciganizira kufikira tsiku limene cigwa. Ndirikunena shelefu yaitali ija yosungirapo mabuku, yoima m'mbali mwa cipupa.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Tsiku lina, poyendera masukulu amene amamvera maphunziro athu, ndinafika pa sukulu ina nthawi yopuma. Aphunzitsi aakulu ananditengera ku kacipinda ka mabuku kuti ndikaone shelefu yatsopano imene makolo anaisonkhera ndalama. Inali ya mlombwa, yosalala ndi yokoma m'maso. Tiri ciimire pakhomo, kamnyamata ka mu Giredi 3 kanafuna buku la zithunzi limene linali pamwamba. Kanaponda thabwa laciwiri, nkugwira lacinai, ndipo shelefu yonse inaweramira kutsogolo. Mwamwai inayamba yagunda pa tebulo, cotero mwanayo anapulumuka ndi cotupa pamphumi cokha. Titayang'ana kumbuyo tinapeza misomali iwiri yopindika, imene inangolowa mu pulasitala osafika m'konkire. Kalipentala uja sanali waulesi ai. Iye anacita pa cipupa zimene amacita pa thabwa masiku onse, naiwala kuti konkire si mtengo.

Ngozi yotere siicitika kwathu kuno kokha. M'caka ca 2016 kampani ya IKEA inalengeza ku Amereka kuti makabati ake okwana 29 miliyoni abwezedwe kapena amangiriridwe ku zipupa, atafa ana angapo ogweredwa ndi makabatiwo.

Tsono tiyeni tiwerengere kulemera kwa mapepala, pakuti ambiri timaayesa opepuka. Pepala limodzi loyera la mu ofesi, lija lochedwa A4, lilemera magalamu 5. Mpukutu wa mapepala 500 ulemera makilogalamu awiri ndi theka, ndipo kucindikala kwake ndi masentimita 5. Mukaimika mipukutu yotere pa thabwa la mita imodzi, ikwanapo 20, ndiwo makilogalamu 50, thumba lathunthu la simenti. Mabuku a ana ndi ocepako msinkhu, cotero tinene kuti alemera theka lake. Ngakhale tero, shelefu ya matabwa asanu ikhala itasenza katundu woposa matumba awiri a simenti. Ana inu, kodi alipo mwa inu amene angalole kuti matumba awiri a simenti amgwere pamsana?

Komatu kulemera kumeneku sindiko bvuto lalikulu, cifukwa kumatsikira pansi kupyolera m'miyendo ya shelefu. Bvuto ndi lakuti shelefu njaitali koma njopyapyala, ndipo cinthu cotere sicicedwa kupendekeka. Aphunzitsi, cionetseni ici kwa ana. Imikani buku lalikulu pa tebulo. Mwana mmodzi alikokere kwa iye ndi cala cimodzi, atagwira pamwamba pake. Wina aliletse kugwa, poyamba atagwira pamwamba, kaciwiri atagwira pafupi ndi tebulo. Afunseni kuti ndi pati pamene panafunika mphamvu zambiri. Adzapeza kuti pamwamba cala cimodzi cikwanira, koma pansi ngakhale zala zonse zilephera. Ndi cimodzimodzi pa shelefu: comangira cimene ciri masentimita 30 kucokera pansi ciyenera kugwira ndi mphamvu yoposa kasanu ndi kamodzi ya comangira cimene ciri masentimita 180. Cifukwa cace shelefu timaimangirira pamwamba, mbali zonse ziwiri.

Nanga msomali ulephereranji? Mukakhoma msomali m'thabwa, ulusi wa mtengo umapatuka, kenaka nkuupana msomaliwo mbali zonse. Konkire iribe ulusi. Iyo ndi miyala, mcenga ndi simenti zimene zinagwirana nkusanduka mwala umodzi, ndipo mwala supana kanthu. Umangosweka nkukhala fumbi, kapena upinda msomali. Amisiri akale ankasema bowo ndi cizulo nkukhomeramo kamtengo, koma kamtengoko kakauma kamafota nkuyamba kugwedera. Amene anapeza njira yabwino ndi John Joseph Rawlings wa ku London, amene m'caka ca 1911 analembetsa kacubu ka ulusi kolowetsa m'bowo la cipupa. Dzina lakuti Rawlplug, limene mumamva kwa ogulitsa zitsulo, linacokera kwa iye. Pambuyo pake, mu 1958, Artur Fischer wa ku Germany anapanga pulagi ya pulasitiki yokhala ndi mano m'mbali, imene tiigwiritsa nchito kufikira lero. Musaisokoneze ndi pulagi ya magetsi, ana inu. Iyi ndi kacubu kong'ambika kumapeto, kotalika ngati kacala kanu. Sikuluwu ikamalowa mkati mwake, pulagi imatambasuka nkukanikiza mbali za bowo mwamphamvu. Kukanikiza kumeneko ndiko kumene kumagwira shelefu, ndipo malangizo onse amene nditi ndinene tsopano colinga cake ncakuti kukanikizako kusacepe.

Musanagule kanthu, dziwani cipupa canu. Masukulu athu ena ali ndi zipupa za konkire yothira, ena za mabuloko a simenti okhala ndi mphako mkati, ena za njerwa zoocha, enanso za njerwa zosaocha, ndipo zonsezi zikapakidwa pulasitala ndi penti zimaoneka zofanana. Boolani kabowo kakang'ono pamalo obisika nimuone fumbi lake. Lotuwa ndi la konkire kapena buloko, lofiira ndi la njerwa yoocha. Coboolera cikalowa pang'ono nkuthamangira mkati mwadzidzidzi, mwapeza mphako ya buloko, ndipo pamenepo pafunika pulagi ya mtundu wina, imene imapindika nkukhala mfundo kuseri. Pa njerwa zosaocha pulagi musaikhulupirire konse. Boolani cipupa mpaka kunja, mulowetse bauti yaitali, ndipo kunjako muike kathabwa kapena kacitsulo kafulati koti bautiyo ikokerepo. Ngati konkire njatsopano, dikirani masiku 28, pakuti ndiyo nthawi imene amisiri amaiwerengera kuti yakhwima.

Zofunika pa shelefu wamba yoima pansi nzocepa: mabulaketi awiri, ndito tizitsulo topindika ngati cilembo ca L, mapulagi a mamilimita 8, masikuluwu a mamilimita 5 otalika mokwanira kupyola bulaketi, pulasitala ndi pulagi yonse, ndi coboolera ca konkire ca mamilimita 8, cija ca nsonga yolimba yofanana ndi kamkondo. Coboolera matabwa kapena zitsulo cingopsa nkubuntha. Nambala ya pa coboolera ndi ya pa pulagi ziyenera kukhala imodzi. Ndinaonapo anthu akuboola ndi ca mamilimita 10 cifukwa ndico cinali pafupi, nkumadzaza mpata ndi mapepala. Kumeneko nkudzinamiza.

Nchito yake iyenda motere. Imikani shelefu yopanda mabuku pamalo pake, ndipo ngati igwedera, ikani timatabwa pansi pa miyendo kufikira itaima ciriri. Mangani mabulaketi pa thabwa la pamwamba kapena pa mizati ya m'mbali, osati pa kathabwa kopyapyala ka kumbuyo, cifukwa kameneko kang'ambika msanga. Lembani ndi pensulo pa cipupa pamene pali mabowo a mabulaketi, nimucotse shelefu. Musanaboole, yang'anani kumene kuli masuwici ndi masoketi. Nthambo za magetsi kawirikawiri zimayenda molunjika kucokera pamenepo, kukwera, kutsika kapena cammbali, cotero musaboole pa mizere imeneyo, ngakhalenso pamene mukayikira kuti pali paipi ya madzi. Talikiraninso ngodya kapena m'mphepete mwa zenera ndi masentimita 10, pakuti pulagi potambasuka ikhoza kubenthula konkire ya m'mphepete.

Kuya kwa bowo ndiko kumene ambiri amalakwa. Pulasitala siiwerengedwa, cifukwa iribe mphamvu yogwira. Pulagi yonse iyenera kukhala m'konkire yeniyeni, ndipo kuseri kwake kutsale mpata wa sentimita imodzi wolowamo nsonga ya sikuluwu. Yesani kuyako pa coboolera nimukulunge kansalu kapena tepi pamene muyenera kulekezera. Gwirani makina molunjika, osaapendeketsa uku ndi uku, kuopa kukulitsa bowo. Coboolera cikaima nkuyamba kulira mwa citsulo, mwagunda citsulo ca mkati mwa konkire. Musacikakamize, sunthani bulaketi pang'ono muyambe bowo lina.

Aphunzitsi a kumene kulibe magetsi musataye mtima. Masiku ano alipo makina oboolera a batire amene mungabwereke kwa amisiri, ndiponso mabowo otere ankaboolewa ndi manja makinawo asanabwere. Pali kacitsulo kocita ngati cizulo cozungulira: mumenya ndi nyundo mopepuka, nkukapotoza pang'ono, nkumenyanso. Nchitoyi njocedwa ndipo ifuna cipiriro, koma bowo lake limatuluka labwino.

Bowo likatha, cotsani fumbi lonse. Ici cioneka caching'ono, koma fumbi lotsala limacita ngati ufa pakati pa pulagi ndi konkire, ndipo pulagi imaterereka. Pampu ya njinga igwira nchito imeneyi bwino lomwe. Bvalani magalasi ocinjiriza maso, mumange nsalu pamphuno, ndipo ana akhale kunja, cifukwa fumbi la konkire liononga mapapo. Kenaka lowetsani pulagi poimenya pang'onopang'ono ndi nyundo. Ikalowa yokha popanda kumenya, bowo lakula, boolani lina. Bwezerani shelefu, ndipo ngati patsala mpata pakati pa iyo ndi cipupa, ikanipo kathabwa kuti sikuluwu isaikoke nkuipendeketsa. Mangani sikuluwu kufikira italimba, nkulekera pomwepo. Ikamangozungulira osalimba, pulagi yalephera, ndipo kuisiya tero nkoipa koposa kusamanga konse, pakuti anthu adzayesa kuti shelefu njomangidwa.

Potsiriza munthu wamkulu agwire pamwamba nkukoka ndi mphamvu. Shelefu ikapanda kusuntha, ikani mabuku: madikishonale, maatilasi ndi mitolo ya makope pansi, zopepuka pamwamba, ndipo mabuku amene ana amaakonda akhale pamene dzanja la mwana wamng'ono lifika. Kamnyamata kaja sikakadakwera buku la zithunzi likadakhala pa thabwa laciwiri.

Ana inu, kuboola ndi kumanga ndi nchito ya akulu, koma nanunso muli ndi yanu. Phunziro lino likatha, yendani ndi aphunzitsi anu m'zipinda zonse za sukulu. Werengani mashelefu ndi makabati otalika kuposa inu, ndipo aphunzitsi ayese lirilonse pokoka pang'ono pamwamba, inu muli patali. Lembani m'makope mwanu amene agwedera ndi cipinda cimene alimo, nimupereke mndandandawo kwa aphunzitsi aakulu lero lomwe. Aphunzitsi, masikuluwu aja muziayesanso pa ciyambi ca temu iriyonse. Tsalani bwino nonse, tidzakumananso sabata ya mawa nthawi yonga yomwe ino.