Mpando wa Mmisiri Wokhulupirika

Mau olankhulidwa kwa mpingo ndi aphunzitsi a m'midzi ya kunyanja, ku Salima

Lero ndikupemphani kuti muweramitse maso, muyang'ane cimene mwakhalapoco. Ambiri a ife takhala pa mabenci awa zaka zambiri, koma sitinafunsepo kuti anawapanga ndani, ndiponso cifukwa ninji ena alimbabe pamene anzao anagwedera kalekale. Pa Eksodo 31 timva za Bezaleli, amene luso lace la kusema mitengo liwerengedwa mphatso yocokera kwa Mulungu. Tsono nchito ya mmisiri si yocepa iai.

Poyamba, taonani mtengo. Mmisiri wanzeru asankha mlombwa kapena mbawa. Mlombwa ukatemedwa uturutsa utomoni wofiira ngati mwazi, ndipo mtima wace ciswe siciukonda; koma mnofu woyera wa kunja ufumbwa msanga, ndipo wodziwa nchito ausiya. Akaceka matabwa, awaunjika pamthunzi, naika timitengo pakati pao kuti mphepo ipite, nalindira miyezi. Kuno kunyanja, kumene dzuwa la mwezi wa October liotca ndipo dzinja libwera ndi cinyezi, thabwa laliwisi lipindika ndi kung'aluka cisanathe caka.

Caciwiri, taonani polumikiza. Wofulumira akhoma misomali, ndipo misomali icita dzimbiri, niyamba kugwedera. Woleza mtima aboola dzenje m'mwendo wa gome, nasema lilime ku thabwa linzace, naliyesa kawiri katatu kufikira lilowa mothina. Mwauona mpando wa mfumu umene osema agulitsa ku Senga Bay: matabwa awiri okha, limodzi lipyola m'linzace, wopanda msomali ngakhale umodzi, koma usenza munthu wamkuru. Kukoma kwace ndi mphamvu yace zicokera pa malo amodzi.

Luso limeneli si lacilendo kwa ife. Makolo athu anasema mabwato, mitondo ndi timipando ndi kasemasema, asanafike A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok ku Mvera m'caka ca 1889. Amisyoni anaonjezapo maceka ndi miyeso. Ku Mua, kumene misyoni inayamba mu 1902, Bambo Claude Boucher anatsegula Kungoni mu 1976, ndipo osema ambiri anakulira pamenepo.

Koma ndiulule kulakwa kwanga. Caka cina ndinagulira sukulu ya kwathu mabenci onyezimira, cifukwa mtengo wace unali wocepa. Ndipo nkhalamba imene inandipempha ndalama zoposa ndinaiyesa yaumbombo. Mvula yaciwiri isanathe, benci linathyoka ana ali pomwepo, mwana mmodzi nabvulala mwendo. Pogwada kuyang'ana pansi pace, ndinapeza thabwa lofumbwa, ming'alu yace yomatidwa ndi utuci, pamwamba napakapo vanisi. Akuru anati, Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wopangayo anacimwa pobisa. Koma inenso ndinacimwa pokana kulipa nchito yoona.

Cifukwa cace, pogula gome kapena kama, muutembenuze, muone kunsi kumene mmisiri sayembekeza kuti muyang'anako. Ngati anasalaza ndi komweko, ameneyo ndiye wokhulupirika. Mumlipe mokwanira, osamnyengerera kufikira alowa m'ngongole. Ndipo inu amisiri a mu mpingo uno, nchito yanu yobisika ikhale monga yoonekera.

Cotsiriza, kumbukirani nkhalango. Mkungudza wa ku Mulanje unachedwa mtengo wa pfuko lathu mu 1984, koma pofika 2017 ikuruikuru inatsala yowerengeka pa zala. Ku Thuma, pafupi ndi ife pano, nkhwangwa ndi ng'anjo za makala zinapululanso mitengo yambiri. Mlombwa ukula pang'onopang'ono, kotero kuti woubzala kawirikawiri sakhala pa mpando wace. Aphunzitsi, bzalani mbawa ndi ana anu m'mbali mwa bwalo la sukulu mvula ikayamba, muithirire m'cirimwe, muicinge ku mbuzi ndi ku moto wolusa. Ife takhala pa mitengo imene sitinabzale; adzukulu athu adzakhala pa ciani?