Maganizo akachuluka usiku

 Lero ndilankhula ndi inu amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya ndi ma ARV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi.

Ndikamayenda m'makomo, ambiri mumandiuza kuti povuta ndi usiku. Ana agona, nyali yazima, koma mtima sukukhazikika. Ndikafa anawa atsala ndi yani? Chimanga chifika mwezi wa Febuluwale? Nkhawa zotere zimalanda tulo, nsima osakomanso, mpaka ena amasiya mankhwala.

Yesani izi. Khalani pamphasa, manja pamimba. Kokani mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, mumve mimba ikukwera, kenako muutulutse. Tcherani khutu ku zimene zilipo nthawi yomweyo, monga nkhululu zikulira panja kapena mphepo padenga. Maganizo athawa ndithu, ngati mbuzi yodula chingwe. Musadzikalipire. Akokeni mwaulemu abwerere ku mpweya, ngakhale kakhumi. Mphindi 5 zakwana, m'mawa ndi pogona. Poyamba zimaoneka ngati zachibwana, inenso ndinkaseka, koma mukazolowera mtima umayamba kutsika.

Izi sizichiza matenda, choncho mankhwala musasiye. Mukaona kuti masabata 2 atha muli okhumudwa, palibe chokusangalatsani, pitani kuchipatala mukafotokozere anamwino. Maganizo ofuna kudzipha akakubwererani, musadikire masabatawo. Uzani wachibale lero lomwe akuperekezeni, kapena itanani ife alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu, tipitira limodzi.