Njala ya Januwale Imayamba pa Nthawi Yokolola

Kwa Kaduya, m'boma la Phalombe, alimi awiri angakolole matumba ofanana, koma pofika Januwale wina n'kumagwira ganyu m'munda wa mnzake. Woyamba amagulitsa chimanga kwa mavenda mtengo uli pansi, ndalama n'kuthera pa kachasu. Njala ikafika, amakagulanso chimanga chomwecho pamtengo wokwera. Wachiwiri amayamba wasunga chakudya cha banja, nagula mbuzi, naikako kangachepe ku banki m'khonde, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

N'zoona kuti mlimi sakanaletsa kugwa kwa mtengo wa nandolo mu 2017, ngakhale namondwe Freddy mu 2023. Koma thumba likalowa m'nyumba, wolamula ndi mwini wake. Alangizi ndi atsogoleri a m'midzi akumbutse anthu zimenezi chimanga chisanachoke m'munda.